Wina akati Malawi ndi dziko lachikhristu, umu ndi momwe mungakambire osachita manyazi ngati ine

Mwezi wa June chaka chatha tinali pa siwa kumudzi kwathu mbali ya ku Bembeke, kuzizira kuja kwa ku Dedza koti olo uvale majekete awiri mphepo imakupezabe m'mafupa, azibambo tazungulira chitsa cha moto panja azimayi akuyimba m'nyumba. Nkhani za pamaliro mukuzidziwa, zimayamba ndi mtengo wa feteleza kenako mpira kenako ndale, nde cha m'ma 1 koloko usiku alamu anga anangoti dziko lino likuvutika chifukwa tasiya maziko ake, Malawi anamangidwa pa chikhristu. Mwana wa achemwali anga, mnyamata mphunzitsi, nkuti ayi madala, Malawi ndi dziko la sekyula, kutanthauza kuti boma lilibe chipembedzo chake. Eeeh. Moto unachita kufuna kuzima popanda wosonkhezera, aliyense akufuna ayankhulepo. Ineyo ndinalowerera ndi mphamvu zonse kumbali ya alamu nkunena motsimikiza kuti zinalembedwa mu konsitityushoni zimenezo, mnyamata uja osakangana nane anangotulutsa foni nkuti atsibweni tandiwonetseni pamene palembedwapo. Ndinasaka mpaka batire kutsala pang'ono kutha. Panalibe. Manyazi ake ndinachita kunamizira kukatenga nkhuni kuseli.

Kuchoka pamenepo ndinakhala pansi nkuwerenga, ndipo zomwe ndikulembazi ndi za inu amene nkhaniyi idzakupezeni pa bawo, mu minibasi yopita ku Lizulu, ku mphakati kaya pa gulupu ya WhatsApp ya banja. Ineyo ndine wa CCAP wobatizidwa ndili khanda, Lamulungu m'mawa simungandipeze pakhomo, nde musaganize kuti ndabwera kudzanyoza mpingo. Ndikungofuna musadzagwe mmene ndinagwera ine.

Musanayankhe chilichonse funsani kaye kuti mnzanuyo akutanthauza chani. Zikumveka ngati zachibwana koma apa mpamene pagona nkhani yonse, pa siwa paja tinakokana maola awiri pomwe aliyense amayankha funso lakelake. Munthu akati dziko lachikhristu atha kukhala akunena za anthu ake kuti ambiri amapemphera kwa Yesu, atha kukhala akunena za mbiri kuti amishoni ndi amene anabweretsa sukulu ndi zipatala, kapena akunena za malamulo kuti boma palokha lili ndi chipembedzo chake. Ine ndimayerekeza ndi minibasi. Kumbuyo alembako vesi ya m'Masalimo, mkati mwadzaza amayi a Chigwirizano avala zoyera akupita ku msonkhano ku Nkhoma akuyimba njira yonse, koma mukafuna kudziwa kuti galimotoyi mwini wake ndani simufunsa vesi kapena nyimbo, mumaona bulubuku. Vesi ija ndi yoona, amayi aja ndi enieni, koma bulubuku ndi nkhani ina. Nde mufunseni mwaulemu, kodi mukunena za okwera, za cholembedwa kumbuyo kapena za bulubuku? Ambiri akafunsidwa choncho amayamba ayima kaye, ndipo mkangano umatsika moto pompo.

Ngati akunena za anthu musataye nthawi, vomerani msanga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, 77 pa 100 aliwonse ndi akhristu ndipo asilamu ndi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse, otsalawo ndi a zipembedzo zina, za makolo ndi osapembedza. Wotsutsa zimenezi akungofuna phokoso. Chomwe muyenera kugwira ndi chakuti kuchuluka kwa okwera sikusintha bulubuku, ndipo chitsanzo chabwino ndi England. Kumeneko boma lili ndi mpingo wake mwalamulo, Church of England, mfumu ndiye mkulu wake ndipo mabishopu 26 ali ndi malo m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, koma kalembera wawo wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales odzitcha akhristu anali 46 pa 100 aliwonse basi. Papepala dziko lachikhristu, m'matchalitchi mabenchi okhaokha. Ife kuno ndi mosemphana.

Tsopano bulubuku uja. Apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene ndinathyokera mwendo. Gulani bandulo yaing'ono, dawunilodani konsitityushoni ya Malawi, pa intaneti ilipo yaulere, ndipo muwerenge muli nokha kunyumba osati pamaso pa anthu ngati ine. Sikuti muwerenge yonse ayi, ndi yaitali ndipo chizungu chake ndi cha maloya, malo ofunika ndi ochepa. Yambani ndi mawu otsogolera, tsamba loyambirira lenileni. Amayamba ndi kuti anthu a ku Malawi, pozindikira kupatulika kwa moyo wa munthu ndi umodzi wa anthu onse, motsogozedwa ndi chikumbumtima cha aliyense payekha komanso nzeru zathu tonse pamodzi, nkumapitirira kunena za chitukuko, mtendere ndi boma lochita zinthu poyera loyankha kwa anthu. Werengani kawiri. Dzina la Mulungu mulibemo, la Yesu mulibemo, Baibulo silikutchulidwa. Mawu aja oti chikumbumtima cha aliyense payekha muwasunge, akuonetsa kuti olembawo anasiya zachikhulupiriro m'manja mwa munthu mwini.

Kenako pitani pa ndime 12, imene ikuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu a ku Malawi. Ndime 5 ikuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi konsitityushoni nchopanda mphamvu. Ndime 20 ikuletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo ndipo chipembedzo chili pa mndandandawo. Ndime 33 ndi yaifupi kwambiri, munthu aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Mukatero dinani posakira mawu mu foni mwanumo, lembani Christian muone ngati atuluke, ine pa siwa paja sanatuluke ndipo kunyumba nditayesanso mtima uli m'malo sanatulukebe.

Koma musathamangire kukuwa kuti mwawina, chifukwa wochenjera adzakutengerani pa ndime 81. Pamenepo pali lumbiro la pulezidenti ndipo limathera ndi mawu oti Mulungu andithandize. Alamu anga atamva zimenezi tsiku lina anachita kudumpha, mwaonatu mwaonatu. Yankho lake lili pomwepo m'munsi mwake, ndime yomweyo ikuti amene sakufuna kulumbira atha kungotsimikiza ndipo mawu omalizawo nkuwasiya. Ndiye kuti dzina la Mulungu ndi lololedwa koma silokakamiza. Chinanso, mnyamata mphunzitsi uja naye ndinadzamubwezera kkkk, ndime yoyamba imangoti Malawi ndi dziko loyima palokha, siyikuti lachikhristu koma siyikutinso la sekyula. Usekyula wake umaoneka mukaphatikiza ndime zija, palibe mpingo wa boma, mphamvu ndi za anthu, aliyense apembedze mmene akufunira. Nde ngati muli mbali imeneyo nenani choncho, musanene kuti zinalembedwa mawu ndi mawu, mudzagwa m'dzenje lomwe ndinagwamo ine.

Njira yachidule yoonetsera kusiyana ndi kuloza kwa aneba. Ku Zambia a Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti dziko lawo ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu otsogolera a konsitityushoni yawo, mpaka lero alimo, limodzi ndi lonjezo loti aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo chake. Ndiye munthu wa ku Chipata akati dziko lathu ndi lachikhristu ali ndi pogwira. Zathuzi zinalembedwa mu 1994, patapita zaka zoposa ziwiri Chiluba atalengeza kale, olemba athu anali akuziona zimenezo pafupi pomwepa ndipo sanatengere. Ndikuganiza kuti anthu ambiri kuno amasokoneza nkhani ya ku Zambia ndi yathu, ine mmodzi wa iwo, timamva pa wailesi ndi pa maulaliki mpaka mutu nkungoti ndi zathu zomwe. Kenya nayo ndi chitsanzo chokoma, konsitityushoni yawo ya 2010 imayamba ndi kuvomereza ukulu wa Mulungu Wamphamvuzonse koma ndime 8 ikuti sipadzakhala chipembedzo cha boma. Kutchula Mulungu ndi kukhala ndi mpingo wa boma si chinthu chimodzi.

Za nyimbo ya fuko musalimbane nazo nthawi yaitali. Inde ndi pemphero, a Michael Sauka analemba ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, ikupempha Mulungu adalitse Malawi. Koma ikuti Mulungu basi, shehe wa kwa Tambala amayimba osapunthwa, agogo akudambwe nawo chimodzimodzi. Maholide nawo sakuthandizani kwambiri, Khirisimasi ndi Pasaka timapuma koma Eid ya kumapeto kwa Ramadan timapumanso.

Mukafika pa mbiri, apa mpofunika chilungamo, ndipo inu a mbali ya sekyula musachite matama. Simungafotokoze Malawi wa lero mutachotsamo amishoni. David Livingstone anafika ku nyanja mu 1859, a Livingstonia anayamba ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889 kenako Nkhoma mu 1896. Kwathu konkuno Akatolika a Montfort anayambira ku Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, onjezani Mlanda, Gowa, Bembeke. Agogo athu ambiri a e i o u anaphunzirira pansi pa mtengo wa pa mishoni, zipatala zambiri zakumidzi mpaka lero ndi za mipingo, ngakhale kalembedwe ka Chichewa chomwe ndikulembachi kanadzera m'manja mwa omasulira Baibulo. John Chilembwe amene timamukumbukira pa 15 January, woukira atsamunda mu 1915, anali m'busa. Kamuzu anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Ndipo ufulu wa zipani zambiri unayamba kununkhira pa 8 March 1992 pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse, anthu akuyang'anana ndi mantha kuti kodi ansembewa agona kunyumba lero. Mnzanu akatchula zonsezi muvomereni ndi mtima wonse, akunena zoona.

Mukavomera mufunseni kafunso kamodzi, maziko mukunenawo ndi a chaka chiti? Chifukwa dziko lino lili ndi masiku obadwa angapo. Ngati ndi 1891 pamene Angelezi analitenga kukhala pansi pa chitetezo chawo, amene anabwera ndi mbendera anabweranso ndi mfuti, a ku Ntcheu akudziwa zomwe zinawachitikira Inkosi Gomani Chikuse mu 1896, sindikhulupirira kuti pali mkhristu angafune kuti amenewo atchedwe maziko achikhristu. Ngati ndi 6 July 1964 kapena 1966 pamene tinakhala ripabuliki ya chipani chimodzi, nsanamira zomwe tinkaloweza kusukulu zinali zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo kumvera kwake kunali kumvera Ngwazi. Ngati ndi 1994, pepala lake ndi lija mwawerenga kale. Ndipo mukafuna kubwerera m'mbuyo zenizeni, dzina loti Malawi likuchokera ku ufumu wa Maravi, likulu la Kalonga linali ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka m'boma lathu lomwe lino, zaka mazana amishoni asanaponde kuno. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawalemba mu 2006, sanajambule ndi akhristu. Mayina oti Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, ngakhale loti Mulungu lenilenilo amishoni anawapeza tikuwatchula kale, iwo anangobwereka. Chisilamu nacho chinali chitafika kale ku Nkhotakota ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840. Ndiye wina akati tibwerere ku maziko, akulu akudambwe atha kuyimirira nkuti zikomo kwambiri, tiyeni, mwachedwa.

Pa siwa paja panali mkulu wina wotero, sanayankhule usiku wonse, amangofwenkha fodya wake wa pamphuno nkumasekera m'kati. Pano ndimamvetsa chomwe ankaseka.

Samalani kwambiri ndi liwu loti sekyula, theka la ndewu limachokera pa kumasulira. Munthu wa kumpingo akamva sekyula m'mutu mwake mumabwera nyimbo zachikunja, mabala, dziko lokana Mulungu, nde mukati Malawi ndi wa sekyula iye akumva kuti mwati Malawi ndi wachikunja, ndipo akakwiya musadabwe. Ine ndinasiya kulitchula liwuli, ndimangoti boma lilibe mpingo. Ndipo ndimapereka chitsanzo cha nyakwawa. Amfumu a m'mudzi mwathu ndi mkulu wa mpingo, Lachitatu amapita ku mapemphero, pabwalo mlandu usanayambe amati wina atitsegulire ndi pemphero. Koma pakabwera mlandu wa malire a dimba pakati pa mkhristu mnzawo ndi msilamu wogulitsa nyama pa msika, kapena ndi mkulu wakudambwe, saweruza potengera kuti uyu timadya naye mgonero. Akatero mudzi watha. Chikhristu chawo chimawathandiza kuti asalandire chiphuphu ndi kuti aope Mulungu poweruza, koma bwalo ndi la mudzi wonse. Mukafotokoza choncho ngakhale amayi a Chigwirizano amagwedeza mutu, chifukwa aliyense amadziwa kuwawa kwa mfumu yokondera.

Tsopano pali ena amene amaonera kwambiri alaliki a ku America pa TV ndi pa YouTube, amenewa adzakuuzani kuti America inalemera chifukwa inamangidwa pa Baibulo. Kumenekonso mkangano womwewu ulipo ndipo ndi wakale, nde sungani zaka zingapo m'thumba. Chikalata chawo cholengeza ufulu cha 1776 chimatchula Mlengi, zoona. Koma konsitityushoni ya 1787 imayamba ndi kuti ife anthu, ndipo gawo lachisanu ndi chimodzi likuletsa kuyesa munthu chipembedzo asanapatsidwe udindo m'boma. Mu 1791 anawonjezera lamulo loletsa nyumba ya malamulo kukhazikitsa chipembedzo cha boma kapena kuletsa anthu kupembedza. Mu 1797 nyumba ya Senate inavomereza pangano ndi Tripoli, pulezidenti John Adams nkusainira, momwe munalembedwa kuti boma la United States silinamangidwe pa chipembedzo chachikhristu mwanjira ina iliyonse. Mu 1802 Thomas Jefferson analembera a Baptist a ku Danbury za khoma lolekanitsa mpingo ndi boma, ndipo chosangalatsa nchakuti a Baptist ndi amene ankalifuna khomalo, anali atatopa kuponderezedwa ndi mipingo ikuluikulu yokondedwa ndi maboma a m'zigawo. Mawu a pa ndalama zawo oti timadalira Mulungu anayamba kuoneka pa kobiri mu 1864 ndipo anakhala mwambi wa dziko mu 1956, oyambitsa dziko atafa kalekale. Kumbali inayo musabise kuti anthu ambiri a nthawi imeneyo anali akhristu a Chipulotesitanti ndipo zigawo zina zinali ndi mipingo yawo ya boma, Massachusetts inasiya mu 1833. Minibasi yomwe ija, okwera akhristu, bulubuku losatchula mpingo. Koma langizo langa musakhalitse ku America, mukangolowa kumeneko mkangano umasanduka wa anthu awiri amene onse sanapiteko.

Funso lomwe ndimalisunga pomaliza, ndipo ndi limene limandikhudza ineyo kwambiri, ndi loti chabwino tivomere mawa palamenti ilembe kuti Malawi ndi dziko lachikhristu, kenako chisinthe nchani? Mufunse mofatsa ndipo mudikire yankho. Akati palibe chisinthe, ndiye tikuvutikiranji. Akati malamulo atsate chikhristu, funsani kuti cha mpingo uti. Msika wa pa Lizulu uzitsekedwa Loweruka kapena Lamulungu, poti a Seventh Day nawo ndi akhristu ndipo vesi ali nayo? Mowa uletsedwe monga timanenera ife a CCAP kapena ukhale wololedwa pang'ono monga kwa anzathu ena? Mitala ya Angoni a kwa Gomani itani, poti ilipo mipingo ina ya kuno konkuno yosaletsa? Gule atuluke pa maliro kapena apolisi amugwire? Kwathu kuno nkhani ya maliro a munthu amene anali kumpingo komanso kudambwe imatha kuimitsa mwambo mpaka dzuwa kupendeka, akumpingo akuti mtembo ndi wathu akudambwe akuti ndi wathu, adzukulu angokhala pa mulu wa dothi kudikira. Pano amathetsa ndi amfumu ndi eni mbumba pokambirana. Tsiku lomwe boma lidzakhale ndi mbali pa nkhani ngati imeneyo, wina adzabwera ndi apolisi.

Ndipo sitikuchita kulota, tinaziona. Mu 1967 boma linaletsa a Mboni za Yehova chifukwa ankakana kugula makadi a chipani. Mu 1972 zinafika poipa, nyumba kuotchedwa, anthu kumenyedwa, kuchotsedwa ntchito, zikwizikwi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ena kungowoloka malire pompano, ena pambuyo pake anatsekeredwa ku Dzaleka. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Amenewa anali anthu onyamula Baibulo m'manja, ndipo dziko linali ndi mtsogoleri mkulu wa mpingo. Akuluakulu a ku Ntcheu ndi Dedza kuno akuzikumbuka bwino, ena samafuna nkomwe kuzikamba. Nde ndime 33 ija sinagwe kumwamba, analemba anthu amene anali atangotuluka m'zimenezi, ndipo amene anakankha kuti zinthu zisinthe anali a mipingo omwewo, m'bungwe la azipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) lomwe linayamba mu 1992 munali akhristu ndi asilamu limodzi. Riferendamu inachitika pa 14 June 1993, chisankho pa 17 May 1994, ndipo dziko la akhristu ochuluka chonchi linasankha a Bakili Muluzi, msilamu, nkulamulira zaka khumi. Mu 2020 linasankha a Lazarus Chakwera amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa makumi awiri. Pepala lomwelo linalola onse awiri. Ine pamenepa mpamene ndinasinthira maganizo, ndinaona kuti boma lopanda mpingo linabwera ndi thukuta la anthu opemphera, sikuti ndi chinthu chomwe anatibweretsera okana Mulungu.

Mukafuna zitsanzo zaposachedwa zoonetsa kuti nkhaniyi si yongocheza, zilipo ziwiri zosavuta kukumbuka. Cha m'ma 2000 boma linafuna kuchotsa Bible Knowledge m'masekondale kuti m'malo mwake mukhale phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana, mipingo inakana kwamtuwagalu mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Apo mukuona mphamvu ya okwera. Mu May 2023 khothi lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achi Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo osakakamizidwa kumeta. Apo mukuona mphamvu ya bulubuku. Kagulu kochepa chonchija, kopanda mavoti oti nkuopseza nawo wandale, kanawina chifukwa cha ndime zija.

Za kayankhulidwe mwachidule. Ngati wotsutsana nayeyo ndi wamkulu musamuyike foni kumaso pagulu, mwana wa achemwali anga ananena zoona koma mpaka lero ndikamuona kamtima kamachita kuti thi. Nenani kuti madala, ine ndinamva mosiyana pang'ono, tidzaonere limodzi mawa. Kwa abusa kapena abambo mfumu yambani ndi kuyamika zomwe mpingo unachita mu 1992, mukatero khutu latseguka. Pagulu pakakhala msilamu kapena wakudambwe musamuyankhulire ngati palibe, mufunseni maganizo ake, nthawi zambiri iyeyo ndi amene amakhala ataiganizira kale nkhaniyi kuposa tonse. Musabwereze mawu a munthu wotchuka amene mwangowaona pa chithunzi cha pa Facebook, ambiri ndi opeka, ngati simungathe kutchula chaka ndi chikalata asiyeni. Ndipo mawu oti ndiwe wa satana kapena ndinu ogona akangotuluka, nyamukani mukasonkhezere moto, palibenso chomwe chituluke pamenepo. Pamaliro makamaka tsitsani mawu, ife tinachita kutumiziridwa mwana kuchokera m'nyumba kuti amayi akuti mukusokoneza nyimbo.

Alamu anga ndinakumana nawonso pa Lizulu mwezi wathawu akukweza matumba a kachewere pa lole, ine ndikugula kabichi. Tinayima pa chiwaya kudya tchipisi, mbali ino Malawi kuwoloka msewu Mozambique, nkhani ija nkuyambanso yokha. Anati alamu, ine ndimanenabe kuti dziko lino ndi la Mulungu. Ndinati pamenepo sindikutsutsani, nanga pepala lija munawerenga? Anati munanditumizira koma bandulo inathera pakati, ndipo chizungu chake chija mmm. Ndinawawerengera ndime 33 pomwepo ndikumasulira, wokazinga tchipisi naye wasiya supuni akumvetsera. Alamu anatafuna kaye, nkuti ndiye kuti a Mboni aja akanakhala ndi kandime aka sakanathawa? Ndisanayankhe dalaivala wa lole anayamba kuliza hutala kuti tichedwa ku Lilongwe, anathamanga tchipisi chili m'manja, ndalama yake ndinalipira ndine.